Tsiku Limodzi m'Mapiri a Misuku

Ife okulira kuchigwa timaŵerenga mtunda ndi maso. Ku Misuku, m'boma la Chitipa, mtunda umaŵerengedwa ndi mawondo. Tikapatuka pa Kapoka kusiya msewu wochokera ku Karonga, njira imayamba kukwera, ndipo mudzi wooneka patsidya pompo, woti nkuitana mnzako, timaufika thukuta lili kamukamu.

Timanyamuka mbandakucha. Poyamba timapyola minda ya khofi ndi nthochi, imene Asukwa amailima m'mizere yopingasa phiri kuti mvula isakokolole nthaka. Pamwamba pake pali nkhalango zitatu zotetezedwa: Mughese, Wilindi ndi Matipa. M'menemo muli mthunzi wozizira ngakhale dzuŵa lili paliwombo, ndipo timitsinje tothirira minda ya kumunsi timayambira momwemo. Apa mpofunika makolo aime kanthaŵi ndi ana awo, awaonetse zitsa za m'mphepete mwa nkhalango; pakuti mitengoyo ikatha, khofi uja adzafota ndi ludzu.

Kukakhala kopanda mitambo, maso amaoloka mtsinje wa Songwe kufikira mapiri a ku Tanzania. Koma tisatengeke nazo. Nkhungu ya kuno imagwa mwadzidzidzi nibisa njira, choncho timayenda ndi mwini dera, ndipo timayamba kutsika dzuŵa likangopendeka.