Mayi aang'ono anasiya kuseka

Pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Ndirande, mayi anga aang'ono sanavine. Owadziwa anadabwa, chifukwa iwowa amalowa m'bwalo DJ asanamalize n'kulumikiza mawaya komwe. Tsiku limenelo anangokhala pampando atavala zitenje ziwiri, wina akaponya nthabwala n'kumangomwetulira.

Pobwerera, tili mu minibasi ya ku Limbe, anandinong'oneza: "Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Ndikatsokomola kapena kuseka, mkodzo umangotuluka wokha. Kodi ndi fistula imeneyi?" Anali atasiya tiyi, madzi akumwa mochita kuyeza, ndipo kwaya anali atajomba miyezi iwiri. Ine digiri yonseyi ndinasowa choyankha. Ndinangoti, "Amayi, tiyeni kuchipatala, ndikuperekezani."

Sinali fistula. Fistula ndi bowo lomwe limabwera kawirikawiri mayi akavutika nthawi yaitali pobereka, ndipo mkodzo umachucha usana ndi usiku. Chipatala chake chodziwika chili ku Bwaila, ku Lilongwe. La mayi aang'ono madokotala amalitcha stress urinary incontinence. Njira ya mkodzo ya mzimayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, ndipo imatsekedwa ndi minofu. Mimba, kubereka, kunenepa ndi kusiya kusamba zimafooketsa minofuyi. Ndiye mukayetsemula kapena kunyamula ndowa, mphamvu ya m'mimba imakankha chikhodzodzo kuposa mmene chitsekerero chingagwirire. Zili ngati mpopi woti raba yake yatha.

Mphamvu yotsekayi imayezeka. Pa mayeso a urodynamics, amalowetsa kachubu kowonda kwambiri m'chikhodzodzo, n'kumakakoka pang'onopang'ono, makina akulemba mmene njirayo ikukafinyira malo alionse. Amawerenga mu masentimita a madzi, ndipo ikatsika pansi pa 20, madokotala ambiri amaona kuti chitsekererocho chafooka zedi. Koma mayesowa si a aliyense. Amathandiza kwambiri pamene vuto silikumveka bwino kapena opaleshoni yoyamba sinathandize.

Mayi aang'ono sanafunikire makina. Anayezedwa mkodzo kuti aone ngati muli matenda, kenako dokotala anawauza kuti atsokomole chikhodzodzo chili chodzaza. Basi. Manyazi a zaka zitatu anatheka m'mphindi zochepa, zomwe zinandikwiyitsa pang'ono, kunena zoona.

Anawaphunzitsa masewera omwe Arnold Kegel wa ku America anafalitsa mu 1948: kumanga minofu ngati mukuletsa mkodzo, kenako n'kumasula, maulendo osachepera 8, katatu patsiku, kwa miyezi itatu kapena kuposa. Madzi anawauza kuti asadzimane, chifukwa mkodzo wokhathamira umaputa chikhodzodzo.

Panopa ali mwezi wachiwiri. Chitenje chapadera chikadali m'chikwama, ndipo ndowa yodzaza sanayambe kuikhulupirira. Koma Lamlungu ananditumizira voice note pa WhatsApp akunena za mpongozi wawo, ndipo theka lake sindinamve kanthu chifukwa cha phwete.