Kujambula mbiya zamakolo

Kujambula mbiya zamakolo ndi njira yosungira maonekedwe a ziwiya zadothi pa pepala, kuti kapangidwe kake kadziwikebe ngakhale chiwiyacho chitasweka kapena amene anachiumba atamwalira.

Kuumba mbiya pakati pa Achewa

Pakati pa Achewa, kuumba ndi ntchito ya amayi. Iwo amaumba ndi manja, kuyanika chiwiyacho pamthunzi, kenako n'kuchiwotcha ndi nkhuni. Chiwiya chilichonse chili ndi ntchito yake. Mtsuko ndi wotungira ndi kusungira madzi, mphika ndi wophikira, ndipo mbiya yaikulu ndi yofululira mowa. M'midzi yambiri, kuphatikizapo ya ku Kasungu, zidebe za pulasitiki ndi mapoto zalowa m'malo mwa ziwiyazi, choncho atsikana ophunzira kuumba akuchepa.

Zojambula za ku Malawi

Ku Malawi, ntchito yojambula mbiya yagwiridwa kwambiri ndi akatswiri ofukula zinthu zakale. Nthawi zambiri iwo sapeza mbiya yathunthu koma mapale okha. Poona kupindika kwa phale la pamlomo, wojambula amadziwa kukula kwa mlomo wonse wa mbiyayo. Mbali imodzi ya chojambulacho imaonetsa mizere yokongoletsera kunja, pamene inayo imaonetsa kuchindikala kwa dongo.

Zojambula zotere zimathandiza kusiyanitsa mitundu ya mbiya zakale. Mu 1970, Keith Robinson anafalitsa zomwe anafukula kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Mbiya za mtundu wa Nkope, zomwe dzina lake linachokera ku Nkope m'boma la Mangochi, ndi za anthu oyambirira kusula zitsulo m'derali. Za mtundu wa Mawudzu ndi zapambuyo pake, ndipo akatswiri amati ndi za Amaravi. Yusuf Juwayeyi anapeza zambiri za mtundu umenewu ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga m'boma la Dedza.

Chitsanzo cha ku America

Dziko la United States linagwira ntchito yofananayo kuyambira 1935 mpaka 1942, kudzera mu pulojekiti ya Index of American Design. Boma linalemba akatswiri ojambula amene anali pa ulova kuti ajambule mbiya, nsalu, mipando ndi zinthu zina zamakolo pogwiritsa ntchito utoto wosungunula ndi madzi. Anajambula zithunzi pafupifupi 18,000, zomwe zimasungidwa ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington. Kusiyana kwake n'kwakuti zithunzi zimenezi zimaonetsa mtundu weniweni wa chiwiya, pamene zojambula za akatswiri ofukula zakale zimakhala za mizere yakuda yokha.