Sikuludiraiva yokha sichiza kabuleta wa Land Rover yakale

Land Rover Series III, imene inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ikakalamba matenda ake amadziwika. Ukangoimika imanjenjemera n'kuzima, utsi wakuda uli tolotolo, petulo akutha msanga. Kugalaja ambiri amathamangira kupotokola sikulu yosakanizira mafuta ndi mpweya. Galimoto imapezako bwino masiku ochepa, kenako matenda aja abwerera.

Gwero lake nthawi zambiri limakhala mkati mwa kabuleta wa Zenith 36IV, amene amadyetsa injini ya petulo ya malita 2.25. Thupi lake ndi zidutswa za chitsulo chofewa zomangidwa pamodzi, ndipo kutentha kwa zaka zambiri kumazipinda pang'ono, mosaoneka ndi maso. Zikatero, kamphira kozungulira ka mkati sikatsekanso bwino, petulo amalowa mu injini osayezedwa. Mukamasula mapulagi mupeza ali bii ndi mwaye.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo, koma amafuna mtima wodekha. Amakaniko odziwa amayala sandipepala wosalala pagalasi lathyathyathya, kumunyowetsa, n'kumakhulapo nkhope ya chidutswacho mozungulira, osadinikiza. Asanayambe amapaka inki pankhopepo. Pamene inki yatsalira ndi pamene chitsulo chinalowa mkati, ndiye amapitiriza mpaka nkhope yonse itawala mofanana. Munthu wa phuma amadya mbali imodzi, kabuleta n'kuonongekeratu. Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri, chifukwa imaukitsa chinthu chimene wina akanachiponya kudzala.

Malo ena amene amatha ndi kachitsulo kotembenuza chitseko cha mpweya mukaponda mafuta. Kazungulira kwa zaka makumi anayi, bowo lake lakula, mpweya ukulowera m'mbali. Kagwedezeni ndi chala: kakamasewera, ndiye kuti katha. Ena amapopera mankhwala otsukira kabuleta pamenepo injini ikulira, ndipo kulira kukasintha amadziwa kuti papezeka. Apa pamafunika kuwongola bowolo ndi kuikamo bushi yamkuwa. Majeti nawo asatokosedwe ndi waya, chifukwa timabowo take tikakula sitibwerera. Apemereni ndi mpweya basi.

Kuno kwathu palinso nkhani ya mafuta. Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafooketsa mphira wakale, makamaka galimoto ikamakhalitsa osayenda. Choncho pomanga kabuleta, mphira ndi magasketi onse akhale atsopano.

Eni ena amatopa n'kugula Weber 34ICH, ndipo sindiwanena. Koma Zenith wokhulidwa bwino amaikwanira injini imeneyi. Sikulu ija muigwire pomalizira penipeni, injini itatentha, mavalavu ndi taimingi zitakonzedwa kale.