Za Kusankha Maphunziro Otsegula Khomo la Udokotala

Inu makolo a m'midzi, mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kooneka kakang'ono, kamene kaliritsa ana ambiri anzeru. Mwana akati, "Ine ndidzakhala dokotala," makolo akondwa, nagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti alipire fizi. Koma ngowerengeka amene afunsa ngati maphunziro amene mwanayo atenga ku sukulu ndi omwewo amene afunidwa pa khomo la udokotala. Pakuti sukulu za ntchito zazikulu sizilandira munthu chifukwa cha nzeru zokha ayi. Ziyang'ana ngati adaphunzira maphunziro ena otchulidwa maina, nakhoza bwino.

Tiyambe ndi mayeso a Fomu 4, otchedwa MSCE, amene alembetsa ndi bungwe la MANEB. Phunziro lililonse lipatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Wopeza 1 kapena 2 wapambana koposa; kuyambira 3 kufikira 6 ndiyo kirediti; 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe; 9 ndi kulephera. Wofuna kulowa yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhale pakati pake. Makolo ambiri adziwa kuwerenga mapointi, nanyadira mwana akapeza ochepa. Chimene sadziwa n'chakuti mapointi ochepa satsegula khomo lililonse.

Kale ana a dziko lino ofuna udokotala ankatumizidwa kunja. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, College of Medicine, idatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2021 idaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, nikhala yunivesite imodzi, Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko, pa wofuna udokotala, ayang'ana Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, ndipo afuna kuti akhoze bwino ndithu, pakuti malo ngochepa, ofuna ngambiri. Musayese kuti achita izi mwa nkhanza. Biology iphunzitsa mapangidwe a thupi. Chemistry ionetsa m'mene mankhwala agwirira ntchito m'magazi. Physics ndiyo maziko a makina ojambula mafupa. Ndipo wosadziwa Masamu angayeze bwanji mlingo wa mankhwala a khanda molingana ndi kulemera kwake?

Wosankhidwa sayamba za matenda tsiku lomwelo. Ayamba wakhala chaka chathunthu cha kukonzekera, kuphunziranso mozama maphunziro omwewo a sayansi ndi Masamu, ndipo wosapambana chaka chimenecho sapitirira. Pambuyo pake pali zaka zisanu za udokotala weniweni, kenaka nthawi ya kugwira ntchito m'chipatala chachikulu pansi pa madokotala akale, asanaloledwe kuchiza yekha. Tsono mwana amene adakhoza Chemistry mwa kuloweza chabe, osamvetsa, aona zowawa m'chaka choyambacho.

Nanga cholakwa chichitika kuti? Chichitika pa kulowa Fomu 3, pamene ana asankha maphunziro amene adzalembe. Kale Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi, Physical Science. Tsopano zidagawidwa pawiri, ndipo mwana akhoza kutenga limodzi n'kusiya linalo. Wina asiya Physics chifukwa aiopa. Wina atsata mnzake. Wina auzidwa kuti atenge zosavuta kuti mapointi achepe. Mwana wotere, angakhale apeze mapointi 12, ngati Chemistry palibe pa satifiketi yake, dzina lake silifika n'komwe pa gome la osankha madokotala. Pamenepo chatsala ndi kubwereza, ndiko kutaya chaka ndi ndalama zina. Akulu adati safunsa adadya phula.

Ntchito zina zili ndi makomo a mtundu wina. Wofuna uinjiniya ku MUBAS adalira Masamu ndi Physics. Wofuna digiri ya malamulo ku University of Malawi ku Zomba salowa ndi MSCE yokha. Njira yodziwika ndiyo kuyamba waphunzira maphunziro ena pa yunivesite chaka chimodzi, nakhoza bwino, kenaka kupempha malo ndi kuyesedwanso. Kotero mwana amene aseweretsa chaka chake choyamba, nati zofunika zili m'tsogolo, adzitsekera yekha khomo la malamulo.

Tsono tikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, mwana ali ku Fomu 2, khalani naye pansi mumfunse ntchito imene mtima wake ufuna, ndipo mupite naye kwa mphunzitsi wamkulu kukafunsa maphunziro oyenera ntchitoyo. Musachite manyazi kuti inu simudapite patali ndi sukulu. Kufunsa sikulira satifiketi. Chachiwiri, funsani ngati sukuluyo iphunzitsadi Physics ndi Chemistry, pakuti sukulu zambiri zoyendera za kumidzi zisowa chipinda choyeseramo za sayansi, zina zisowa ndi mphunzitsi yemwe. Zikatero, funani malo pa sukulu ina nthawi ikadalipo. Chachitatu, chaka ndi chaka bungwe la NCHE lilengeza zofunika pa maphunziro alionse a m'mayunivesite a boma. Pemphani wina akuwerengereni cha chaka chimenecho, osadalira zimene adamva mwana wa mlongo wanu zaka zapitazo, popeza zofunikazo zisintha.

Koma musakakamize mwana udokotala pamene Masamu amkanika chikhalire. Uphunzitsi, ulimi ndi ntchito zina zili ndi makomo akeake, ndipo dziko lizifuna zonse. Chachikulu n'chakuti mwana adziwe khomo limene apitako asanasankhe zonyamula, ndi kuti inu makolo mukhale naye pa tsiku losankhalo.