Ulusi wa Intaneti ndi Njala ya Magetsi

Ulusi wagalasi wonyamula intaneti, umene kampani ya Huawei idayamba kuyala m'dziko muno mu 2017 motsata mizere ya ESCOM, sudya magetsi pawokha, pakuti m'kati mwake mumangoyenda kuwala. Amene amadya magetsi ndi makina otumiza kuwalako, okupatsanso mphamvu kukafooka panjira, ndiponso oziziritsa makina anzawo. Kutentha kwa kuno ku Balaka nanga ndani sakudziwa? N'chifukwa chake akatswiri amagawa kuwala ndi tizigalasi tosafuna magetsi, nagoneka makina ena usiku anthu akachepa pa intaneti. Phindu lake limaoneka magetsi akazima, monga mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira: makina odya pang'ono amakhalitsa pa batire, uthenga wa matenda kapena wa maliro n'kufika kwa abale.