KUTSUKA INJINI YA GALIMOTO POPANDA NGOZI

Galimoto yoyenda m'miseu ya kumidzi imatola pfumbi lambiri m'cilimwe, ndipo m'dzinja matope amafika mpaka pansi pa boneti. Pfumbi likasanganikirana ndi oilo wodontha limasanduka citope cakuda cimene cimakuta injini yonse. Citope cimeneci cimabisa malo amene pakudontha oilo kapena madzi, kotero kuti mwini galimoto sazindikira bvuto lace kufikira tsiku limene galimotoyo imfera panjira, mwina atanyamula wodwala kunka naye ku cipatala. Udzu ndi makoko a cimanga zimatseka timaboo ta radiyeta ndi kutenthetsa injini. Makoswe nawo amamanga zisa m'menemo ndi kutafuna mawaya.

Cifukwa cace nkoyenera kutsuka injini, makamaka mvula ikatha ndiponso atatha kututa mbeu. Koma nchito imeneyi iri ndi malamulo ace, ndipo wosawasamala angathe kupsa, kapena kuononga galimoto imene anaigula ndi ndalama za zaka zambiri.

Injini iyambe yazizira

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu ayenera kuzimitsa injini, kucotsa kiyi ndi kudikira ola limodzi kapena kuposerapo, kufikira atatha kugwira citsulo ndi dzanja osamva kutentha. Madzi ozizira akathiridwa pa citsulo camoto, citsuloco cingathe kung'aluka. Asatsegulenso civundikiro ca radiyeta injini iri yamoto, pakuti madzi a m'katimo amatentha koposa madzi owira pa mafuwa, ndipo amatumphukira kumaso. M'magalimoto ambiri a masiku ano fani imayendera magetsi, ndipo ingathe kuyamba kuzungulira yokha ngakhale injini itazima kale.

Batire

Asanathire dontho la madzi, amasule waya wa batire wa mbali yolembedwa (−). Ayambe ndi umenewu cifukwa ndiwo wolumikizidwa ku thupi la galimoto. Akayamba ndi wa (+), sipanala ikangokhudza citsulo cina pamathetheka moto, ndipo batire imatulutsa mpweya woyaka umene ungathe kuiphulitsa. Pa cifukwa comweco pasakhale wosuta fodya kapena wonyamula koloboyi pafupi. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pa mitu ya batire umacoka ndi soda wophikira ndiwo, supuni imodzi m'kapu ya madzi, popukuta ndi kaburashi. Madzi a sodawo asalowe m'kati mwa batire. Madzi a batire eni ace ali ndi asidi amene amaocha khungu ndi kuboola zobvala; akagwera m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndi kuthamangira ku cipatala.

Zoyenera kuphimba

Pali ziwalo zimene zimadana ndi madzi. Zimenezi ndi alternator imene imadzaza batire, bokosi la mafyuzi, kabokosi ka kompyuta yoyendetsa injini, ndi kamwa yolowera mpweya. M'galimoto zakale muonjezere distributor ndi carburettor. Zonsezi zikulungidwe m'majumbo ouma ndi kumangidwa ndi mphira. Madzi akalowa ambiri pa kamwa ya mpweya amafika m'kati mwa injini, ndipo popeza madzi sapanikizika monga mpweya, zitsulo za m'katimo zimapindika poiliza. Kukonza bvuto lotere kumadya ndalama zambiri ku galaja.

Katsukidwe kace

Coyamba acotse ndi manja udzu, masamba ndi zisa, nasese pfumbi ndi burashi youma. Kenaka anyowetse nsanza m'madzi a sopo wotsukira mbale, kapena m'mankhwala osungunula girizi ogula m'sitolo ya zitsulo, ndi kupukuta malo akuda pang'onopang'ono. Potsukuluza athire madzi ndi kapu kapena keni yothiririra m'dimba. Kukhuthula ndowa yathunthu nkulakwa, monganso kupopera ndi makina amphamvu otsukira magalimoto, cifukwa madzi otere amaloweza m'malo olumikizira mawaya ndi m'maenje a mapulagi.

Ena amatsuka injini ndi petulo ponena kuti amacotsa mafuta msanga. Cizolowezi cimeneci ndi coopsa kwambiri. Nthunzi ya petulo imalemera koposa mpweya, imayenderera pansi, ndipo imayaka ngakhale ndi moto wa mbaula imene iri patali ndithu. Petulo amaononganso mapaipi a mphira ndi khungu la m'manja.

Amene ali ndi galimoto za mtundu wa hybrid, monga Toyota Prius ndi Toyota Aqua, adziwe kuti mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje amanyamula magetsi oposa mavoti 100, pamene batire wamba ali ndi 12 okha. Magetsi amenewa angathe kupha munthu. Mawayawo asakhudzidwe konse, ndipo galimoto yotere ndi bwino kuipereka kwa makaniko woidziwa.

Kumaliza

Atatha kutsuka apukute ndi nsanza youma, acotse majumbo onse powerenga kuti lisatsaleko ndi limodzi lomwe, nasiye boneti yotsegula pa dzuwa kufikira ponse pataumitsitsa. Pamenepo abwezere waya wa batire ndi kuliza injini kwa mphindi 10 kapena 15 pabwalo, osati m'nyumba yotseka, cifukwa utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha umene ulibe pfungo. Injini ikayera, malo odontha amaonekera msanga, ndipo ayenera kuyang'anidwa m'mawa mwace.

Pomaliza, galimoto isatsukidwire mumtsinje kapena pafupi ndi citsime kaya mjigo. Madzi a oilo amaipitsa madzi akumwa a mudzi wonse ndi kupha nsomba. Malo oyenera ndi pamtunda, kutali ndi dimba ndi khola, ana ataima patali. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga afotokozere mau amenewa anyamata amene amatumidwa kutsuka magalimoto, pakuti kawirikawiri amene amabvulala pa nchitoyi ndi iwowo.