Musamuphunzitse braille mwana amene akuona

Pali mawu amene andikwana pa ntchito yanga yoyendera ana a vuto la kuona m'sukulu za kuno ku Domasi. Ndimawamva kwa aphunzitsi, kwa makolo, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino amene amabwera pa galimoto za mabungwe: “Mwana wachialubinoyu maso ake atha posachedwa, bola ayambiretu braille.” Amawanena mwachifundo, nkhope zili zachisoni, koma ndi bodza, ndipo bodzali likutsekera ana ambiri njira ya sukulu.

Teremu yathayi ahedi a sukulu ina ya kumunsi kwa chigwa, kufupi ndi minda ya mpunga, anandiimbira kuti ndikasayine kalata. Ankafuna kutumiza mtsikana wa Sitandade 6 kutali kuti akaphunzire kuwerenga ndi zala, ati poti bolodi sakuliona ndipo mayeso akungolakwa. Ndinapempha kuti ndimuone kaye m'kalasi. Ndinamupeza atakhala pansi kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, dzuwa la m'mawa likumuthobwa m'maso. Chipewa chake chinali patebulo la madamu, chifukwa m'kalasi savala chipewa. Akangonyamula buku kuti aliyandikitse kumaso, madamu ankamugwira mkono n'kuutsitsa.

“Ndimamuletsa ndine, aphunzitsi,” madamuwo sanabise. “Akazolowera kuyandikitsa chonchi maso atheratu.”

Tinapita naye pakhonde pomwe panali mthunzi. Ndinamubwezera chipewa, n'kumupatsa buku lomwelo la Chichewa kuti aligwire mmene akufunira. Analikokera mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pepala, anapendeketsa mutu kumanzere, n'kuwerenga ndime yonse osakakamira paliponse. Agogo ake, amene anaitanidwa kudzadinda chala pa kalatayo, anangoti kukamwa yasa. Kalatayo inabwerera mu dirowa ya ahedi.

Madamu aja sindikuwanena. Anachita zomwe anamva akukula, ndipo palibe amene anawafotokozera mmene diso la mwana wachialubino linapangidwira.

Chialubino ndi kuchepa kwa melanin, utoto wachilengedwe umene umadetsa thupi, tsitsi ndi maso. M'diso, utotowu umafunika mwana adakali m'mimba. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala kotchedwa retina, ndipo pakati pake pali kadontho, fovea, komwe timaonera zinthu zing'onozing'ono monga zilembo, bowo la singano kapena nkhope ya munthu ali patali. Melanin akachepa, kadontho kameneka sikakhwima bwino. N'chifukwa chake zilembo za pabolodi zimamuonekera mbuu. Komanso mbali ya diso imene mwa ambirife ndi yabulauni imakhala yopyapyala utoto, moti kuwala kumangolowa kopanda choletsa. Mwana akamatsinzina padzuwa si mwano, zikumupweteka. Chachitatu ndi chomwe timati nystagmus, maso kugwedezeka okha uku ndi uku. Ana ambiri amadzipezera okha kakhalidwe ka mutu komwe maso amadekhako, ndiye kupendeketsa mutu kuja. Mukamuwongola mutu mwamulanda pomwe amaonera.

Zonsezi mwana amabadwa nazo, ndipo sizikula. Si matenda oti akudya diso pang'onopang'ono. Mmene akuonera ali ndi zaka 8 ndi mmenenso adzaonere ali ndi zaka 40, pokhapokha atagwidwa ndi zomwe zimagwira aliyense, monga ng'ala, shuga kapena ukalamba. Ena amayamba kuona bwinoko akamakula chifukwa maso amadekha ndiponso aphunzira kuwagwiritsa ntchito.

Nanga kuyandikitsa buku? Chinthu chikayandikira, chithunzi chake pa retina chimakula, basi. Mwana wangodzipezera njira yokuzira zilembo yosalira ndalama, ndipo diso la mwana ndi lofewa, limatha kuona bwino pafupi kuposa la ife akuluakulu. Akhoza kutopa, mutu ukhoza kuwawa, khosi likhoza kuuma chifukwa chowerama. Koma diso si sopo woti amatha ukamamugwiritsa ntchito.

Tikamayeza maso timalemba manambala ngati 6/60. Tanthauzo lake n'lakuti chilembo chimene diso labwinobwino limawerenga lili pa mamita 60, mwanayu amachiwerenga ali pa mamita 6. Ana achialubino ambiri amene ndimawayeza amagwera pakati pa 6/24 ndi 6/60. Ameneyu timati ndi wa low vision, woona mosakwanira. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kugwiritsa ntchito maso amene ali nawowo.

Ndikaganiza komwe bodzali linachokera, ndimaona kuti mbali ina ndi mbiri yathu yomwe. Sukulu zakale za ana osaona, monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, zinamangidwira ana osaoneratu, ndipo chida chimene chinalipo chinali braille. Mwana aliyense wa vuto la maso akafika pa malo otere, zinali zosavuta kumuika pa chida chomwecho. Ineyo ndaonapo mwana wachialubino atawerama pa pepala la braille akuwerenga timadontho tija ndi maso, zala zili m'thumba. Mwanayo anali akutiuza zoona zake, ife osamva.

Musandimve ngati ndikunyoza braille. Ndimaiphunzitsa ndipo ndimaikonda. Kuchokera pomwe Louis Braille anasindikiza njira yakeyi ku France mu 1829, timadontho 6 timene timapanga zizindikiro 63, palibe chimene chailowa m'malo kwa mwana wosaoneratu. Foni yoyankhula siingamuphunzitse kalembedwe ka mawu kapena kuyala samu. Komatu makina a Perkins olembera braille, omwe anayamba kupangidwa ku America mu 1951, ndi okwera mtengo ndipo timachita kuitanitsa kunja, mapepala ake okhuthala aja amasowa, ndipo mabuku a braille osindikizidwa ku Montfort, ku Nguludi, ndi oti ana amachita kulandizana. Makina alionse amene mwapatsa mwana woona mwalanda mwana wosaona. Naye woonayo mwamupatula. Sawerenganso buku limodzi ndi anzake, ndipo mawa adzavutika ndi uthenga wa ndalama pafoni, malangizo a pa botolo la mankhwala, chikwangwani cha pa depoti, zonse zolembedwa m'zilembo zomwe akanatha kuziwerenga.

Pali makolo amene amafuna mwana akakhale kogonera chifukwa cha mantha, poganizira kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kumene kunakula kuyambira mu 2014. Amenewo sinditsutsana nawo, mwana ndi wawo ndipo njira ya kusukulu amaidziwa ndi iwo. Ndimangowapempha kuti kumeneko akaumirire zoti aziwerenga zilembo wamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Malo ogonera sangakwane onsewo, choncho ambiri adzaphunzira pa sukulu ya kwawo, m'manja mwa mphunzitsi wamba wokhala ndi ana odzaza kalasi.

Anthu akamva zoti assistive technology, kutanthauza zipangizo zothandiza munthu wa ulumali kuchita zomwe akufuna, amaganiza za laputopu yoperekedwa pa mwambo, atolankhani akujambula. Kwa mwana wachialubino chipangizo choyamba ndi chipewa cha mlomo waukulu, ndipo azivala ngakhale m'kalasi. Chachiwiri ndi malo: kutsogolo, pakati, kuwala kuzichokera kumbuyo kwake, ndipo aziloledwa kudzuka kukayang'ana pabolodi popanda kupempha. Kenako bolodi lakuda bwino, choko choyera, zilembo zazikulu, mphunzitsi aziyankhula zomwe akulemba. Cholembera chakuda m'malo mwa pensulo. Kope la mizere yokhuthala, yomwe mukhoza kujambula nokha ndi rula. Zonsezi zimapezeka pa msika wa Songani.

Zogula kunja zimabwera pambuyo. Magalasi amathandiza ambiri, ngakhale sakonza fovea ija, ndiye musakhumudwe mwana akamayandikitsabe buku atavala. Pali galasi lokuzira zilembo looneka ngati theka la mpira wagalasi, lomwe amangolitsetsereza pa mzere. Pali monocular, kachipangizo ka diso limodzi koonera patali, komwe amawerengera pabolodi ali pa mpando wake. Kameneka kamafuna kuphunzitsidwa: kupeza kaye ngodya ya bolodi, kutsata mzere, kutsika, kubwerera kumanzere. Mukangomupatsa m'manja n'kuchoka, pakatha sabata kali m'chikwama, poti anzake akumuseka ndipo iye sakupeza pomwe aphunzitsi alemba. Ndapeza zipangizo zotere zambiri zili m'makatoni awo m'maofesi a sukulu, zikusungidwa kuti zisawonongeke.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya kompyuta. Ku sekondale zomwe zili ndi chipinda cha makompyuta, mwana wa vuto la kuona ndiye amayamba kuchotsedwa pa mndandanda wa otenga phunziroli. Funso limakhala lakuti, “Nanga aziona bwanji?” Chonsecho pa kompyuta ndi pokhapo pomwe zilembo zimamumvera iyeyo. Pa Windows mukadina batani la Windows pamodzi ndi chizindikiro chophatikizira, zonse za pa sikirini zimakula, ndipo mukhoza kutembenuza mitundu kuti zilembo zikhale zoyera pa malo akuda, kuwala kusamuthobwe. Izi zili kale m'kompyutamo, simulipira kanthu. Akaphunzira kutayipa osayang'ana, zala zolozera zitakhala pa timizere totukuka ta pa F ndi J, khosi limapuma ndipo liwiro lake limaposa la anzake ojompha ndi chala chimodzi. Maso akatopa pali NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, imene inayamba mu 2006 ndipo anaikonza ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Mawu ake a Chingerezi akamawerenga Chichewa mukhoza kuseka mpaka misozi. Ine ndimawasinthira ku Chiswahili, zimamvekako bwino. Foni nayo ndi chida: ajambule za pabolodi, akuze ndi zala, akopere. Ndikudziwa kuti sukulu zimaletsa mafoni, ndipo zifukwa zake ndi zomveka, koma ahedi akhoza kulemba chilolezo cha mwana mmodzi.

Izi si zongofuna kukhoza mayeso. Mtsikana wa m'chigwa muno akasiya sukulu, kopita ndi ku munda wa mpunga kapena kukagulitsa malonda pamsewu, tsiku lonse padzuwa, ndipo dzuwa ndi limene limayambitsa khansa ya pakhungu yomwe imapha anthu achialubino ambiri adakali achinyamata. Ntchito ya pamthunzi kwa iye ndi nkhani ya moyo. Amene wafika Fomu 4 akudziwa kompyuta ali ndi pogwira: maphunziro a luso a pansi pa TEVETA m'makoleji ngati Nasawa konkuno ku Zomba, uphunzitsi, kapena yunivesite, komwe ku Chancellor kuli chipinda chothandizira ophunzira a ulumali. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Ana amene ndimawayendera amawadziwa bwino, ndipo makolo awo nkhaniyi imawatsegula mutu kuposa zonena zanga zonse za fovea.

Domasi ndi malo oyenera kuyambira. M'zaka za m'ma 1930 sukulu ya Jeanes inkaphunzitsa kuno aphunzitsi oti azikayendera anzawo m'sukulu za kumidzi, ntchito yofanana ndi yangayi. Lero kuli Malawi Institute of Education, yomwe imakonza masilabasi ndi mabuku a ana a dziko lonse, ndiponso Domasi College of Education, komwe kuyambira mu 1993 aphunzitsi a sekondale akhala akusulidwa ndipo ambiri amabwera kudzawonjezera maphunziro kuti akwezedwe. Khumbo langa n'lakuti aliyense wotuluka pa geti limenelo akhale atagwirapo monocular ndi kukuzapo sikirini ndi manja ake, ndiponso kuti buku lililonse la sukulu lizipezeka ngati fayilo yoti mwana akhoza kuikuza pafoni. Pangano la Marrakesh la 2013, lomwe Malawi analowamo mu 2017, limalola kusintha mabuku kuti anthu ovutika kuwerenga zilembo wamba awapeze. Kwa aphunzitsi ofuna kukwera pa ntchito, ganiziraniko zokaphunzira ntchito yangayi ku Montfort. Ndife ochepa, ndipo njinga imatopetsa.

Malo andithera, ndiye mwachidule. Mwana akayezedwe ku chipatala cha maso, monga ku Zomba Central, musanamugulire magalasi a pamsika. Uzani ahedi nthawi yolembetsa mayeso a MANEB kuti akufunika mapepala a zilembo zazikulu, osadikira sabata ya mayeso. Koma muyeseni kaye, chifukwa ena amawerenga msanga ndi zilembo wamba atayandikitsa, ndipo pepala lalikulu limangowachedwetsa. Ana amasiyana, ndipo alipo ochepa, makamaka okhala ndi vuto lina la maso pamwamba pa chialubino, amene braille amaifunadi. Zimenezo anene ndi amene wamuyeza. Lumikizanani ndi a bungwe la anthu achialubino la APAM a m'boma lanu pa za mafuta oteteza ku dzuwa. Ndipo mukaona kuti mwana amene ankawerenga bwino wayamba kulephera m'miyezi yochepa, kapena diso lafiira ndipo likuwawa, chimenecho si chialubino. Pitani naye ku chipatala sabata yomweyo.